Kabawuti ka Pansi pa Bokosi

Ndinali nditasenda mbatatesi khumi ndi imodzi, zotsala zili mulu, pamene Pauline, mayi amene amatithandiza kupukuta matebulo, analowa m'khitchini tsache lili m'manja.

"Glenys, tasiyani izo. Mwana wanu akupha munthu kuseriku."

Ndinafunsa kuti mwana uti, ngakhale ndinkadziwa. Ana ndili nawo awiri. Lorna anali kuntchito. Wotsala ndi Darrell, wazaka makumi atatu, amene chibadwire sanathetsepo nkhani ndi pakamwa.

Linali Lachitatu, tsiku la masewero. Bala yathu, Nkhosa Zitatu, inkalandira timu ya ku bala ya Belu Losweka madzulo ake, ndipo mwambo wa ligi ndi wakuti eni bwalo amadyetsa alendo masewero akatha, kaya mumakondana kaya mumadana. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, osawerengera akazi awo ndi agalu awo. Wophika ndine. Ndinaika mpeni pansi, ndinanyamula ndowa ya madzi a mbatatesi chifukwa ndi imene inali pafupi, n'kutuluka.

Ndinawapeza pa kapinga, pakhomo pa kashedi kamene timasungiramo zida zamasewero. Wesley Maxted anali chagada, Gavin Pilcher atamukhalira pachifuwa. Darrell anali ataponda mkono wake wamanja ndi jombo, thabwa lomenyera mpira lili m'mwamba. Linatsika ndisanafike. Ndinamva kuthyoka, ngati munthu akuthyola nkhuni zouma. Wesley sanakuwe, anangokukuta mano, magazi a m'mphuno akulowera m'khutu.

Ndinawakhuthulira ndowa yonse, ndi makoko omwe. Darrell anatembenuka thabwa likadali m'mwamba. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kumenya amenye, ine ndinamubereka movutika usana ndi usiku, palibe chachilendo chimene angandionetse. Analitsitsa. Gavin ndinamukoka khutu mpaka anadzuka.

Darrell ankalankhula akupuma mwabefu. Anati amupeza m'shedi, bokosi lathu atalitembenuza, thabwa la pansi atalikanula, pulayala ili m'manja.

Kuno ku Kent bokosi limenelo mlendo salikhudza. Ndi kabokosi ka matabwa chabe, kokhala ndi kamtengo konga supuni pamwamba. Umaika mpira pa supunipo, kumenya mbali inayo, mpira n'kudumpha, iwe n'kuuthibula kuti udutse pakati pa mizati iwiri kumapeto kwa bwalo. Adani ako amaima kumeneko, ndipo mmodzi amaugubuduza kubwerera, kulinga kachitseko koyera kamene kali kutsogolo kwa bokosi. Kachitseko kakagwa, watuluka. Masewero ake ndi omwewo basi. Koma ndaonapo amuna a imvi akulira nawo misozi.

*

Ndinamukhazika Wesley pampando wa m'khitchini n'kumuika paketi ya nsawawa za mufiriji pamphuno. Zala ziwiri zinali zitaloza kumene zala siziloza. Ndi kalipentala mnyamatayu, zala zimenezo ndiye khasu lake. Ndinati ndiyimbe ambulansi, iye anati ayi, ndingomumanga, kuchipatala apita yekha.

Wesley ndi mwana wa Beryl Maxted, mwini wa Belu Losweka, mamailosi atatu kuchokera pano. Bambo ake, malemu Ron, anamenyana ndi mwamuna wanga Clive pa bwalo lomweli ana athu asanayambe sukulu. Nkhani yake inali ya mpira umene wina ankati wagwidwa m'malere, wina ankati wagunda kaye pansi. Ron anataya dzino. Clive anataya nzeru, ndipo mpaka lero sanazitole.

Ndiye chilimwe chatha Lorna, amene pa timu yathu palibe womuposa pogubuduza mpira, anamutulutsa Wesley katatu madzulo amodzi. Mnyamatayo anamutsatira mpaka pagalimoto n'kupempha nambala, ati akufuna kudziwa kokadandaula. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupeza utuchi m'matumba a jekete la Lorna, ndipo ndinkangoukutumula osanena kanthu. Clive anadziwa pa Khirisimasi. Anati mwana wa Maxted adzadya pakhomo pake Lachitatu la ligi lokha, ndipo chifukwa chakuti malamulo akumukakamiza.

Ndikumumanga, ndinamufunsa chimene ankafuna m'shedi ya eni. Anayang'ana pakhomo, pamene Darrell ndi Gavin anaima akudontha madzi, nati ankangoona mmene bokosi linapangidwira.

Gavin anaseka. Ameneyu ndi mnzake wa Darrell. Lorna anapita naye ku kanema kamodzi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo iye mpaka lero amawerenga ngati chinkhoswe.

"Uzionera bwino, mlamu," anatero. "Ukuganiza tinadziwa bwanji kuti ubwera teni koloko? Lorna yemweyo ndiye anatiuza. Chibale ndi fupa, sichiola."

Nkhope ya Wesley inasintha kuposa pamene thabwa linamugwera. Ndinawathamangitsa awiriwo ndi thaulo lonyowa. Ndikumanga mfundo yomaliza ndinamva kanthu kakugwera m'thumba la epuloni yanga.

"Mukataye kutali, Mayi Hogben," ananong'ona. "Ndinamulonjeza Lorna kuti dzina la bambo ake silituluka."

Atachoka ndinapisa m'thumba. Kanali kabawuti ka mkuwa, kotalika ngati chala chaching'ono, kokhala ndi timapiko topotera ndi zala. Ndinkakadziwa. Zaka zinayi zapitazo ndinamuona Clive pawindo la shedi akuboola pansi pa bokosi, chitseko atakhoma. Aliyense pa ligi amadziwa chizolowezi chake: timu ikatha kumenya, iye amagwada ndi kansalu kachikasu n'kupukuta mame pabokosi, anthu n'kumamuseka kuti amalisamala kuposa mkazi wake. Pansi pa kansaluko zala zimapota kabawuti. Athu akamamenya, kachitseko kamalimba, mpira ukagunda kamangogwedera. Alendo akamamenya, kamagwa ngakhale ndi mphepo. Zikho zitatu za ligi zili pa shelefu ya m'bala, ndipo wopukuta fumbi ndine.

*

Clive anabwera chakumasana kuchokera kogula katundu. Darrell atamufotokozera, analowa yekha m'shedi n'kukhalitsamo. Anatuluka nkhope ili mbuu. Ndinkayembekezera manyazi. M'malo mwake anatenga foni n'kuyimbira a Ovenden, mlembi wa ligi, kuwauza kuti mwana wa Maxted wagwidwa akuboola bokosi lathu. Bowo linalipo ndithu, aliyense akanaliona. Mwamuna wanga si wopusa. Akanakhala wopusa bwenzi moyo wanga uli wophweka.

Ndinamufunsa pa sinki, motsitsa mawu, ngati bowo lija linali la lero.

"Senda mbatatesi, Glenys," anatero.

Lorna anafika wani koloko itakwana, Pauline atamutumizira uthenga. Sanavule ndi jekete lomwe. Analunjika kwa Gavin, amene ankamwa pa kauntala ngati munthu wopha mkango, n'kumufunsa kuti anadziwa bwanji. Gavin anayankha kuti foni yosiyidwa pa kauntala ndi nyuzipepala, aliyense amawerenga. Lolemba Lorna anaisiya pamenepo popita kukatenga magalasi omwera mowa, iye n'kuona uthenga wakuti shedi ikhala yosakhoma Lachitatu teni koloko.

"Ndinakupulumutsa, chemwali," anatero. "Tsiku lina udzandithokoza."

Lorna anamuthokoza pomwepo. Chikho cha mowa, chagalasi lochindikala chija, chinamugwera pamwamba pa diso, chigwiriro n'kutsalira m'manja mwa Lorna. Gavin anagwa ndi mpando womwe. Darrell anadumpha kauntala, kumugwira mlongo wake tsitsi n'kumupindira mkono kumbuyo mpaka anagwada. Lorna anamuluma pa ntchafu. Makasitomala awiri okalamba amene ankadya pafupi ndi windo ananyamula mbale zawo n'kusamukira panja, osasiya kutafuna.

Clive anamenya kauntala ndi chibakera. Anamuuza Lorna kuti wagulitsa bambo ake kwa adani chifukwa cha thalauza. Lorna anamuyang'ana m'maso n'kufunsa ngati akufunadi kuti anene, pamaso pa Darrell, chimene Wesley anadzachita. Clive sanaphethire. Anati madzulo asewera, ndipo mwana wa Maxted akaima pabokosi amutulutse anthu onse akuona, apo ayi alongedze katundu wake.

Ndinamutsatira Lorna kuchipinda chake ndi mankhwala opaka. Atakhala pabedi anandiuza zonse, ngakhale zambiri ndinali nditazidziwa kale. Matimu atatu anali atadandaula za bokosi lathu. A Ovenden anaulula kwa Beryl kuti Lachitatu adzalitsegula okha masewero asanayambe, Wesley n'kumuuza Lorna. Lorna ankadziwa za kabawuti kuyambira chaka chatha, tsiku lina poyeserera, bambo ake ataiwala kukamasula, mpira wake wolunjika bwinobwino unagunda katatu kachitseko osagwa. Thabwa la pansi linali lomata ndi guluu, lofuna zida za kalipentala. Ndiye anapempha munthu yekhayo amene akanatha kukondwera ndi kugwa kwa Clive kuti abwere adzamupulumutse.

Anandionetsa foni. Wesley anali atalemba kamodzi kokha ali kuchipatala: "Gavin akuti ndiwe unawauza ola. Ndiuze kuti akunama." Pansi pake panali mayankho asanu ndi awiri a Lorna, aatali, ena opepesa, ena otukwana Gavin. Palibe ndi limodzi lomwe limene anali atatsegula.

"Inu mumadziwa, Amayi," anatero. "Munaona liti?"

Ndinati ndimadziwa zambiri, ndipo ndimadziwanso kuti masoseji sadziphika okha.

"Wesley amuchotsa mu ligi moyo wake wonse. Anthu azimuloza kuti wakuba. Ndani angaitane kalipentala wothyola shedi za anthu? Ine ndikanena, ati ndikuteteza chibwenzi. Inu angakukhulupirireni."

Ndinamuuza kuti ndakhala ndi bambo ake zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo bala iyi popanda masewero ndi nyumba yamasiye. Anandifunsa ngati ndi yankho langa limenelo. Ndinati yankho langa ndi lakuti aike mankhwala pamkonopo. Kabawuti kanali m'thumba mwanga nthawi yonseyi, kakundibaya pa ntchafu, ndipo sindinamuuze.

*

Kuno mu Juni dzuwa limachedwa kulowa. Seveni koloko kunali kowala ngati masana pamene a ku Belu Losweka anafika, osati asanu ndi atatu okha koma ndi amalume awiri a Wesley amene sanagwirepo thabwa chibadwire. Beryl anali patsogolo. Wesley anali pambuyo, dzanja lili mu pulasitala mpaka m'chigongono, maso onse awiri atatupa. Lorna anamuitana dzina. Iye anangodutsa.

A Ovenden ndi nkhalamba yazaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, yoyenda ndi tepi yoyezera m'thumba ngakhale popita kutchalitchi. Anaika bokosi patebulo la panja, kulitembenuza, kulowetsa chala m'bowo, kenaka n'kumufunsa Wesley chimene ankachita. Beryl anamugwira mwana wake paphewa n'kumuuza kuti alankhule, bambo ake sanamulerere kuti azimenyedwa ngati galu n'kungokhala chete.

"Ndinkaona mmene linapangidwira," anatero Wesley.

A Ovenden anapukusa mutu. Anati komiti ikumana Lolemba, ndipo chilango cha mlandu wotere aliyense amachidziwa: osapondanso bwalo lililonse la ligi. Koma poti mlandu sunagamulidwe, lero asewere ngati dzanja lingalole. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi mbale ya buledi. Wesley anandiyang'ana kamodzi, n'kugwedeza mutu pang'ono kuti ayi.

Athu anayamba kumenya. Clive anagwada ndi kansalu kake mwachizolowezi, ndipo ndinaona zala zake zikufufuza pansi, osapeza kanthu. Kachitseko kanayamba kugwa ngati ka anthu ena onse. Darrell anatuluka pa mpira woyamba. Gavin, pulasitala ili pamphumi, anatuluka pa wachiwiri. Onse asanu ndi atatu anatha ine ndisanatembenuze masoseji. Beryl anafunsa mokweza ngati akatswiri a zikho zitatu adwala m'mimba.

Alendo atayamba kumenya, Wesley anali wachinayi. Anagwira thabwa ndi dzanja lamanzere, movutika ngati mwana wophunzira supuni. Mpira unadumpha, iye anaumenya, unakwawa pa kapinga n'kudutsa pakati pa mizati. Unaima pamapazi pa Lorna. Inali nthawi yake yogubuduza.

Anautola. Anaima nawo nthawi yaitali. Clive anamuitana dzina kamodzi, mawu ali pansi. Gavin anafunsa ngati akuopa kumupweteka mlamu, kapena akufuna amuthandize.

Lorna anaika mpira pansi. Anadumpha mzere, chimene malamulo salola masewero ali mkati, n'kuyamba kuyenda pakati pa bwalo kulunjika kwa Wesley, anthu onse akuona. Atafika pakati anayamba kulankhula, mokweza kuti ndi a kumsewu omwe amve.

"Sindinawauze. Anaba m'foni yanga. Ukafuna undisiye, koma undisiyire chifukwa china."

Wesley anali atatsitsa thabwa, akubwera kudzakumana naye, pamene Gavin anatola mpira uja. Mpira wa masewerowa si wa ana, ndi wa labala yolimba ngati mwala, ndipo saponya m'mwamba, amagubuduza. Gavin anauponya ndi phewa lonse. Unadutsa pafupi ndi tsaya la Lorna n'kumupeza Wesley pamwamba pa khutu. Anagwada, kenaka n'kugwa chammbali.

Zitatero panalibenso timu. Amalume aja anamugwira Gavin wina miyendo wina kolala n'kumuponya pa mzati mpaka unazuka. Wina anaswa benchi pamsana pa mnzake amene anaphunzira naye sukulu. Beryl anavula nsapato n'kumusosola Clive pamutu, Clive akudziteteza ndi kansalu kake kachikasu. Magalasi ankasweka pa kapinga pamene ana amasewera Lamlungu. Galu wa munthu wina anathawa ndi soseji, ndipo ndi yekhayo amene anapindula madzulo amenewo.

Ndinaika thireyi pansi. Ndinali nditatopa, ndipo ndikatopa sindiganiza kawiri. A Ovenden ndinawapeza kunsi kwa tebulo, atakumbatira buku lawo. Ndinawakoka, ndinatenga bokosi pakati pa miyendo ya anthu, kulitembenuza patsogolo pawo, n'kulowetsa kabawuti m'bowo. Kanalowa ngati phazi mu nsapato yakale. Ndinapota kawiri n'kuwauza kuti akankhe kachitseko ndi chala. Sikanagwe.

Kenaka ndinamenya thireyi ndi chipande mpaka ndewu inayamba kuzirala, ndipo ndinanena zonse. Kuti bowo ndi la zaka zinayi. Kuti anaboola ndi Clive Hogben ine ndikuona. Kuti mnyamata wa Maxted anabwera kudzachotsa manyazi athu, ife n'kumulipira ndi zala zake. Zikho zitatu zili pa shelefu, ndinatero, amene akuzifuna akatenge, ine ndatopa kuzipukuta.

Clive anaima magazi akutsika pamphumi, akundiyang'ana ngati sanandionepo. Beryl anavala nsapato yake pang'onopang'ono. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndimuone Lorna, amve kuti ndanena. Panalibe Lorna, panalibe Wesley, panalibe Darrell.

Ndinamva phokoso kuseri kwa shedi, kumene mpanda wa mitengo umatchinga, ndipo ndinapita ndekha.

Darrell sanamve chilichonse cha zimene ndinanena. Anali atamukokera Wesley kumeneko ndewu ili mkati. Anali atamugoneka pa simenti, jombo lili pa pulasitala, akuponda ndi thupi lonse, pulasitala ikuphwanyika. Apa Wesley anakuwa. Lorna anali kumbuyo kwa mchimwene wake, akumukoka malaya, akumupempha. Darrell anamukankha ndi chigongono m'kamwa. Thabwa la Wesley linali pa udzu. Ndinatsegula pakamwa, koma Lorna anali atalitola kale ndi manja awiri.

Mwana wanga wamkazi ali ndi diso labwino. Saphonya.

Darrell anagwa chafufumimba, mutu n'kugunda m'mphepete mwa simenti. Miyendo inagwedera kawiri n'kusiya. Lorna anangoima, thabwa lili m'manja, magazi akutuluka m'milomo yake. Wesley anadzuka ndi mawondo. Analanda thabwa ndi dzanja lamanzere, kupukuta chigwiriro pa malaya ake, n'kuligwira yekha mwamphamvu. Ndipamene onse awiri anandiona.

Anthu anafika pambuyo panga. Chimene anaona ndi mwana wa Maxted ataima pamwamba pa mwana wa Hogben, thabwa lili m'manja.

"Ndine," anatero Wesley, asanafunsidwe ndi aliyense.

*

Darrell ali kuchipatala ku Canterbury. Chigaza chinang'aluka kumbuyo kwa khutu lamanja. Anatsitsimuka, anandizindikira, anapempha madzi, koma sakumbuka chilichonse kuyambira pamene anatuluka pa mpira woyamba. Madokotala akuti tidikire masiku atatu tione. Wesley anatengedwa ndi apolisi atamumanganso dzanja, ndipo kumeneko wabwereza mawu ake omwe aja. Clive sanandilankhule. Anagona pabenchi ya m'bala, ndipo m'mawa ndinapeza shelefu ilibe zikho, sindikudziwa kumene wazipititsa.

Lorna anatsika seveni koloko atavala jekete, ati akupita kupolisi. Ndinaima pakhomo. Anandionetsa uthenga umene Wesley anamutumizira ali mu ambulansi, asanamulande foni. Mauthenga ake asanu ndi awiri aja anali atawatsegula tsopano, ndipo yankho linali lalifupi: "Ndakukhulupirira. Koma ukatsegula pakamwa, ine ndi iwe zatha. Ine anandithyola zala, woweruza adzandimvera chisoni. Iwe ndiwe mlongo wake."

"Ndiye ndichite chiyani, Amayi? Ndikhale pano ndizimwa tiyi iye ali m'chitokosi?"

Ndinati akhale pansi kaye, amwe tiyiyo.

Foni ya m'bala inalira. Anali Beryl. Zaka makumi awiri ndi zisanu sitinayimbirane, ndipo sanapereke moni. Anati akuthokoza pa za kabawuti, a Ovenden amuuza kuti mwana wake alibe mlandu ku ligi, ngakhale ligi ilibenso ntchito kwa munthu wopita kundende. Kenaka anati mwana wake sangathe kudula buledi ndi dzanja lamanzere, dzulo mpira weniweniwo anaukwawitsa ngati kamba, ndiye amuuze ndani kuti anang'alula chigaza cha munthu wamkulu ngati Darrell.

"Unali kumeneko, Glenys. Dzulo unanena zoona pamaso pa mwamuna wako. Ndiona ngati pakamwa pakopo pamagwira ntchito kawiri."

Anadula. Ndisanaike foni pansi inaliranso. Anali wapolisi wamkazi amene anabwera dzulo, waulemu wake, wa mawu ofewa amene sindiwakhulupirira. Anati Pauline wamuuza kuti ine ndinapita kuseri kwa shedi anthu ena onse asanafike. Anatinso dokotala akudabwa ndi mbali imene thabwa linagwera. Abwera teni koloko kuti ndimufotokozere zimene ndinaona, ndipo ndidzasaina.

Lorna anamva zonse ali pa masitepe. Anandifunsa kuti ndinena chiyani. Ndinati sindikudziwa, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kundimva ndikunena mawu amenewo. Mwana wanga mmodzi ali pabedi la chipatala, wina ali pa masitepe, ndipo mwana wa mzimayi wina wagona pa simenti ya apolisi chifukwa cha onse awiri.

Bala imatsegula thwelofu koloko, kaya kwagwa zotani, ndipo anthu amafuna tchipisi. Ndinadzaza ndowa, ndinakoka thumba la mbatatesi, ndinakhala pansi. Ndinali pa yachinayi pamene ndinamva matayala pa miyala ya pabwalo. Lorna anaimirira n'kuyamba kumanga mabatani a jekete.

"Khala pansi," ndinatero. "Akufuna ine."

Sanakhale. Chitseko cha galimoto chinatsekedwa panja, mapazi anayamba kubwera, ndipo ine ndinapitiriza kusenda, khoko likulendewera osaduka.